Kamphika koyaka pa dashibodi

Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinkayendetsa galimoto yokhala ndi kachidutswa ka tepi yakuda pa dashibodi. Kuseri kwa tepiyo kunali kanyali kachikasu kochenjeza za mpweya wa m'matayala, kotupa m'mbali, kokhala ndi chizindikiro cha mfuuliro pakati. Mwana wanga wamkazi ndi amene anakapatsa dzina. Tsiku loyamba kukaona anafunsa kuti, "Adadi, kamphikako kakuyakiranji?" Kuyambira pamenepo kwathu timangoti kamphika.

Galimotoyi ndinaigula kwa alamu anga a ku Lilongwe, omwe anaiitanitsa kuchokera ku UK. Ndi ya mu 2015. Itangotha miyezi iwiri m'manja mwanga, m'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itaphimba phiri la Dedza mpaka kumunsi, ndinaliza injini ndipo kamphika kanayamba kuphethira. Kanaphethira kwa mphindi imodzi, kenako kanangoyaka osazimanso. Ndinapita kwa achimwene ena omata matayala pa boma. Anayeza matayala onse anayi, anapopera pang'ono lakumbuyo, nati zili bwino. Kamphika sikanazime. Mawa lake chimodzimodzi. Patatha sabata, achimwenewo anatenga tepi ya magetsi, nadula kachidutswa ndi mano, n'kumata pagalasi la dashibodi.

"Aphunzitsi, timatero ndi onse. Magalimoto a ku UK ndi amatenda amenewa."

Ine ndimaphunzitsa Physics ku sekondale. Ndinayenera kufunsa kuti matendawo ndi otani. Koma tepi inali yaulere, ndipo galimoto inkayenda.

Mu Januwale tinali ndi maliro ku Golomoti. Tinanyamuka anthu asanu, m'buti muli thumba la ufa ndi makabichi, n'kukhota pa Masasa kutsetsereka Khwekhwelere. Amene anadutsapo akudziwa mmene msewu uja umapindikira ngati njoka, ndi mmene mphepo imasinthira. Umanyamuka utavala juzi, pofika kumunsi uli thukuta kamukamu. Titatsala pang'ono kumaliza mtsetse ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukuvina pokhota. Amalume amene anakhala kutsogolo ananena kuti akumva fungo la mphira. Ndinaima. Tayala lakumbuyo kumanzere linali litaphwa ndithu koma osafika pansi, ndipo m'mbali mwake munali motentha moti dzanja silikanakhalitsapo. Linali ndi msomali. Liti unalowa, kaya. Mwina dzulo lake, mwina sabata yonse mpweya unkatuluka pang'onopang'ono. Tinaika sipeya, ndipo tinafika anthu akuchokera kale kumanda.

Tayala lija litachotsedwa pa rimu, m'kati mwake munatuluka mphira woyoyoka ngati gaga, wodzaza manja awiri. Tayala likachepa mpweya, m'mbali mwake mumapindika kwambiri nthawi iliyonse likazungulira, ndipo kupindikapindikako kumabala moto, monga mmene waya amatenthera ukamamupinda uku ndi uku pofuna kumudula. Linali tayala labwinobwino, mapanga ake akadali akuya. Linathera pomwepo.

Tsiku lomwelo achimwene aja anandionetsa mwini wake wa kamphika. Kuseri kwa vavu, m'kati mwa rimu, kunali kabokosi kakuda kapulasitiki, kocheperako bokosi la machesi. Anakamasula n'kundipatsa m'manja, kenako anakoka chitini cha penti pansi pa benchi. Munali tina totero mwina khumi ndi tiwiri, tina tothyoka khosi, tina tosweka pakati.

"Timenetu tilibe ntchito. Tikafa timangoikapo vavu wamba."

Ndinawapempha titatu. Kusukulu ndinacheka kamodzi ndi sowo yodulira zitsulo. M'kati munali kabolodi kobiriwira ka waya wosindikiza, katchipi kamodzi, ndi batire lophwatalala ngati ndalama yachitsulo, la 3 volts, zonse zitamizidwa mu guluu wolimba ngati phula louma. Batirelo silinapangidwe kuti munthu adzalisinthe. Likatha, kabokosi konseko, komwe ndi kasensa, kamatayidwa.

Dzina lake la zonsezi ndi TPMS, kutanthauza njira yoyang'anira mpweya wa m'matayala. Kasensa kamayeza mpweya ndi kutentha kwa m'tayala, n'kutumiza uthenga pa wailesi kupita ku kompyuta ya galimoto, pafupifupi kamodzi pa mphindi galimoto ikamayenda. Galimoto ikaima kamagona kuti kasunge batire. Ku Ulaya timalankhula pa 433 MHz, ku America pa 315 MHz, n'chifukwa chake sungangotola kalikonse n'kuika pagalimoto iliyonse. Kanyali kakangoyaka, ndiye kuti tayala lina lachepa mpweya. Kakayamba ndi kuphethira kaye ngati kanga kaja, ndiye kuti kasensa kena kasiya kulankhula. Palinso magalimoto ena opanda tisensa m'matayala, omwe amangoona kudzera ku mabuleki a ABS, omwe amawerenga kuzungulira kwa gudumu lililonse, kuti tayala lina likuzungulira mofulumira kuposa anzake, popeza lophwa limachepa msinkhu. Amenewo alibe vuto la batire, koma sakuuza nambala, ndipo amafuna kuwakumbutsa nthawi iliyonse ukapopa.

Kumbuyo kwa tisensati kuli maliro a anthu ambiri. Galimoto yaing'ono yoyamba kukhala nato inali Porsche 959 mu 1986, chidole cha anthu olemera. Zinasintha mu 2000, pamene matayala a Firestone pa magalimoto a Ford Explorer ankasupuka pa liwiro, makamaka m'madera otentha a ku America, magalimoto n'kumagubuduzika. Anthu oposa 200 anafa, ndipo mu Ogasiti chaka chimenecho kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni kuti abwezedwe. Pa zimene ankakangana makampani awiriwo panali nkhani ya mpweya: Ford inkalangiza 26 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala), Firestone inkati 30. Nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo lotchedwa TREAD Act chaka chomwecho, ndipo kuyambira Seputembala 2007 galimoto yaing'ono iliyonse yatsopano kumeneko imayenera kuchenjeza dalaivala mpweya ukatsika ndi 25 peresenti. Mayiko a European Union, UK ikadali momwemo, anatsatira mu Novembala 2014.

Tsono werengerani nane. Batire la kasensa limakhala zaka zisanu mpaka khumi. Galimoto ya mu 2015 imagwira ntchito kwa mwini wake woyamba, mwina ndi wachiwiri, tisensa tikulankhula bwinobwino. Ikakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu imakwera sitima, kutsikira pa Dar es Salaam kapena Durban, n'kulowa m'dziko muno. Imafika batire lili wefuwefu. Lamulo linalembedwera kumene galimoto imabadwira, koma batire limafera kuno kumene imakalambira, kumene misewu ili ndi maenje, katundu ndi wopyola muyezo, ndipo matayala ambiri ndi a kaunjika. Ife amene tikufunikira kwambiri chenjezo ndi amene timalandira kanyali kabodza. Ndipo kanyali konama n'koipa kuposa kusakhala nako, chifukwa kamakuphunzitsa kusamvera. Zikanakhala kuti kamphika kanga kanali kamoyo, kakanayaka tisanafike n'komwe pa Bembeke.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwerenga za anthu amene akufuna kuchotseratu batire, kuti tayala lizidyetsa lokha kasensa kake. Nditangomva ganizoli ndinakumbuka njinga ya malemu bambo anga. Inali ndi dayinamo yooneka ngati kabotolo, yotsamira pa tayala lakumbuyo. Madzulo pochokera ku msika wa Lizulu ankaigwetsera pa tayala ndi chala, n'kuyamba kulira kuti wiii. Potsetsereka nyali inkawala mpaka kuonetsa miyala ya m'njira. Pokwera chitunda inkafiira ngati khala lotsala m'phulusa. Akaima kuti apereke moni, mdima bii. Dayinamo yotero imatulutsa 3 watts. Kasensa ka m'tayala, ukagawa mphamvu ya batire lake pa zaka zonse zimene limakhala, sikadya ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a watt imodzi. Dayinamo ya bambo ikanatha kudyetsa tisensa masauzande ambirimbiri nthawi imodzi.

Ndipo mphamvu m'tayala ndi yosefukira. Matayala anga ndi 195/65 R15. Likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita awiri. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola limazungulira ka 11 pa sekondi. Ulendo wa makilomita 85 wochoka pa Dedza kufika ku Lilongwe, tayala lililonse limazungulira kopitirira 42,000. Ndinawapatsa ana a Fomu 3 samu imeneyi, ndipo theka la kalasi linkaganiza kuti lalakwitsa poona kukula kwa yankho. Pa kuzungulira kulikonse, gawo la tayala limene lafika pansi, lalikulu ngati chikhatho, limaphwatalala kenako n'kubwerera. Tayala limakhala ngati likupuma, ndipo mphamvu yambiri ya kupumako imangosanduka kutentha kopanda ntchito. Funso ndi lakuti tingatapeko bwanji kadontho.

Njira imene ndimaikonda kwambiri pophunzitsa ndi ya piezoelectric, chifukwa ndimatha kuigwira m'manja. Gulani laitala ya gasi ya mtundu wongodina, osati yopukusa kagudumu. Ikatha gasi iphwasuleni. Mupezamo kachitsulo kokhala ndi sipuling'i. Mukadina, kanyundo kamamenya kamwala kakang'ono, ndipo kamwalako kamatulutsa magetsi okwana kuthetheka. Ana asukulu amakonda kudzidzimutsana nako m'khosi. Mulibe batire mmenemo. Pali miyala ndi zoumba zina zimene ukazifinya kapena kuzipinda zimabala magetsi, ndipo anazindikira izi ndi abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, mu 1880. Akatswiri amatenga kachidutswa kopyapyala ka zinthu zotere, kaya choumba chotchedwa PZT kapena pulasitiki yofewa yotchedwa PVDF, n'kumata m'kati mwa tayala. Nthawi iliyonse malowo akagunda pansi kamapindika, n'kutulutsa kamphamvu. Kamphamvuko kamasonkhanitsidwa mu kapasita monga madzi odontha padenga amadzazira ndowa, ndipo ikadzaza kasensa kamayeza, kamalankhula, n'kudikiranso. PZT imapereka magetsi ambiri koma ndi yosachedwa kusweka ngati mbale yadothi, komanso ili ndi mtovu. PVDF imapirira kupindika koma ndi youmira.

Njira ina ndi ya dayinamo yomweyo ya bambo: maginito oyenda pafupi ndi waya wokulungiza, zimene Michael Faraday anaonetsa mu 1831. Amaika maginito aang'ono m'kachubu kapena pa kolendewera, kuti gudumu likamazungulira azigwa uku ndi uku.

Yachitatu aliyense anaiseweretsapo ali mwana. Ukakhutiza cholembera chapulasitiki m'tsitsi chimanyamula tizidutswa ta pepala. Mu 2012 gulu la Zhong Lin Wang ku Georgia Tech linaonetsa kuti magetsi a kukhudzana otere angathe kukololedwa ndi kachipangizo kopyapyala. Mu 2015 ofufuza a ku University of Wisconsin–Madison anayesa zofanana pa matayala a kagalimoto koseweretsa ana n'kuyatsa tinyali. Mu 2019 kampani ya matayala ya ku Japan, Sumitomo Rubber, pamodzi ndi Hiroshi Tani wa ku Kansai University, inalengeza kachipangizo komata m'kati mwa tayala: timapepala tiwiri tosiyana timene timakhudzana ndi kulekana tayala likamapindika. Cholinga chawo chinali chomwechi, kudyetsa tisensa popanda batire.

Mnzanga wina wophunzitsa masamu atamva izi anaseka, nati ndiye tingodzaza matayala onse ndi timapepala timeneti, galimoto izidziyendetsa yokha, tisiye kugona pa mizere ya mafuta. Ayi ndithu. Mphamvu imene ikuzunguza tayala yachokera mu thanki. Bambo ankadziwa zimenezi m'miyendo mwawo: dayinamo ikagwera pa tayala, kupalasa kunkalemera. Kutapa kadontho kodyetsa kasensa sikungaoneke pa geji ya mafuta, koma ukafuna kutapa chidebe, injini ndiyo ilipire.

Nanga bwanji mpaka lero tisensa tambiri togulitsidwa tikadali ndi batire? Chifukwa m'kati mwa tayala ndi malo ankhanza. Chinthu chomatidwa kuseri kwa mapanga a tayala, pa makilomita 100 pa ola, chimakankhidwira kunja ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 200. Maginito amene amayenera kugwa uku ndi uku amangokanirira kukhoma ngati nkhupakupa, osasunthanso. Ndiye pali nkhani ya liwiro. Kachitsulo konjenjemera kamapereka mphamvu zambiri pokhapokha kakamakankhidwa pa nthawi yake, monga katungwe. Ukakankha mnzako asanabwerere, katungwe amafa. Koma tayala silisunga nthawi imodzi. Taganizani minibasi ya pa M1 kuchoka pa Ntcheu: ithamange pang'ono, iime pa Biriwiri, ikwawe pa msika wa Lizulu pomwe matumba a mbatatesi afika mpaka m'mphepete mwa phula, ithamangenso. Kachipangizo kokonzedwera liwiro limodzi kangadye bwino mphindi zochepa zokha pa ulendo wonsewo. Onjezanipo kutentha ndi kuzizira, popeza tisensa timayenera kupirira kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro mpaka kupyola 100, komanso kupindika mamiliyoni ambirimbiri pa moyo wa tayala limodzi. Kulemera nakonso kuli ndi malire, apo ayi gudumu liyamba kugwedeza chiwongolero.

Ndipo pali vuto la bambo poima kupereka moni. Galimoto ikagona usiku, magetsi palibe. Koma nthawi yabwino yodziwa mpweya ndi m'mawa, tayala lisanatenthe, usanatuluke pageti. Kuno ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, zimenezi si nkhani yongopeka. Mpweya wa m'tayala umatsika pafupifupi 0.1 bar (muyezo winanso wa mpweya) kukazizira ndi madigiri 10. Ukapopetsa masana ku Golomoti kapena ku Salima n'kudzagona kuno mu Julaye, m'mawa geji ikuuza zina. Choncho kachipangizo kayenera kusunga kambewu ka mphamvu kogona nako, kapena kudzuka msanga gudumu likangozungulira kangapo.

Zonsezi akatswiri akulimbana nazo, ndipo sindikukayika kuti adzazigonjetsa. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chitini cha penti chija.

Nditabwerera kwa achimwene aja ndinawafotokozera za kachipangizo komata m'kati mwa tayala. Anamvetsera akupala chigamba ndi msasa, kenako anafunsa osadzutsa mutu.

"Nanga msomali ukalowa pomwepo, chigamba ndimata pamwamba pake?"

Ndinalibe yankho.

"Nanga tikaikamo chubu?"

Funso lachiwirili ndi lalikulu kuposa loyamba. Kuno tayala losafuna chubu likabooka kambirimbiri, kapena rimu ikapindika pa dzenje, sititaya. Timaikamo chubu. Chubu chikalowa, vavu yakale imachoka pamodzi ndi kasensa kake, ndipo chilichonse chomatidwa m'kati chimafinyidwa kapena chimaboola chubucho. Tayala timalichotsa pa rimu ndi zitsulo ziwiri zosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya lole, ndi nyundo yaikulu. Tisensa tambiri ta m'chitini tija sitinafe ndi batire, tinathyoledwa ndi chitsulo, ndipo sindingawadzudzule achimwenewo popeza palibe anawauzapo kuti kuseri kwa vavu kuli kanthu. Komanso tayala kuno limasamuka. Lichoka pa galimoto ya bwana, lipita pa Sienta yonyamula anthu, likathera pa ngolo ya ng'ombe ku Tsangano, ndipo zotsala zake zisanduka nkhwaila ndi malegeni omangira katundu pa njinga. Kasensa komatidwa m'tayala kadzapita nalo ulendo wonsewo, kakulankhula ndi kompyuta imene inatsala ku Lilongwe.

N'chifukwa chake ine, ngati wina atandifunsa, ndinganene kuti chothandiza kuno ndi chokhala pa rimu kapena pa vavu, ngakhale kuti pamenepo mphamvu yokolola ndi yochepa poyerekeza ndi pa mphira pomwe pamapindika. Rimu imakhalitsa ndi galimoto. Makampani a matayala amakonda cha m'tayala, ndipo zifukwa zawo n'zomveka: pamenepo kasensa kangathe kudziwanso kulemera kwa katundu, kutha kwa mapanga, ngakhale kuterera kwa msewu. Koma kamafa ndi tayala, ndipo kamafuna kuti ugule tayala latsopano la mtundu womwewo. Ndi angati pa Dedza pano amagula matayala anayi atsopano a kampani imodzi?

Ndimaganiziranso madalaivala a malole amene amaima pa Lizulu usiku kukweza makabichi. Dalaivala amatsika ndi chitsulo cha jeke, n'kuzungulira lole akugogoda tayala lililonse, khutu lili tcheru. Lokhuta limayankha kuti ngwee, lophwa limati phu. Luso limenelo ndi lenileni, ndipo limagwira tayala lophweratu, makamaka lam'kati pa matayala ophatikiza lomwe diso silingalione. Koma kusiyana kwa tayala lokhuta ndi lochepa pang'ono khutu silikumva, ndipo msomali wolowa pa Kampepuza sudikira kuti dalaivala adzaimenso. Matayala a lole ndi ambiri, okwera mtengo, ndipo amazungulira usana ndi usiku. Ngati pali malo pamene kasensa kodzidyetsa kokha kangabweze ndalama zake msanga, ndi pamenepo, osati pa kagalimoto kanga koyenda Loweruka lokha.

Tepi ija ndinaimatula. Ndinafunsa mtengo wa tisensa tinayi tatsopano ku Lilongwe, pamodzi ndi wa munthu wa kompyuta woti atidziwitse kwa galimoto, ndipo ndinaona kuti fizi ya mwana iyambe yatha kaye. Pali tina totsika mtengo tomangira kunja pa vavu ngati chotsekera, tokhala ndi kawailesi kake ka sola koika pa dashibodi, koma galimoto yanga imagona panja ndipo ana a m'dera lathu ali ndi zala zachangu. Ndinagula geji yooneka ngati cholembera, imakhala m'kabati ya kutsogolo pamodzi ndi buku la galimoto. Pa chimata cha pachitseko cha dalaivala palembedwa 2.3 bar, nambala imene kwa chaka chathunthu sindinaiwerengepo.

Loweruka lapitali tinkapita kukaona amayi ku Ntcheu. Kunali chisanu choluma zala, udzu uli mbuu. Ndinagwada pa tayala lililonse mwana wanga atandigwirira tizotsekera ta mavavu m'dzanja. Atatu anali bwino. Lakutsogolo kumanja linaonetsa 2.0. Tinadzera kwa achimwene aja, tinawapeza akukoka chingwe cha injini ya kompresa, yomwe imakana kudzuka kukazizira. Pa ulendo wachisanu inalira. Akupopa anasuzumira pawindo, naona kamphika kakuyaka poyera.

"Aphunzitsi, tepi ija inagwa? Ndili nayo ina."

Ndinawauza kuti aisunge. Anandipatsa tisensa tina tiwiri ta m'chitini, toti ana a Fomu 3 akacheke Lachiwiri.